Mapointi 13 koma Chemistry 5: mwayi wa uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST ulipo?

AzakhaliChilomoni

Moni nonse. Ndikufunsira mwana wa achimwene anga, mtsikana amene ndikumulera kuno ku Chilomoni. Walemba MSCE pa sekondale ya boma yoyendera ndipo wapeza mapointi 13. Magiredi ake ali motere: Chingerezi 4, Masamu 2, Physics 3, Chemistry 5, Biology 2, Agriculture 1, Geography 2, Chichewa 2. Mtima wake wonse uli pa uinjiniya wa zomangamanga (Civil Engineering) ku Poly, imene pano akuti MUBAS, ndipo akuti zikakanika kumeneko ayese Chemical Engineering ku MUST. Anthu akundiuza zosiyana. Ena akuti 13 ndi tikiti kale, tiyambe kugula chikwama ndi zofunda. Ena akuti ngakhale a mapointi 9 amatsala. Inu amene mukuzidziwa bwino zinthuzi, mwayi ulipo? Fomu ya NCHE, yofunsira malo ku mayunivesite a boma, tidzaze bwanji kuti tisadzalire pambuyo? Kapena angobwereza?

MphunzitsiWaMasamu

Azakhali, choyamba mumuyamikire mwanayo, 13 pa sukulu yoyendera si zamasewera. Koma amene akukuuzani kuti mugule chikwamawo akuwerenga nambala yosayenera.

Tiyeni tiwerengere limodzi. MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 ndi kulephera. Mapointi amapezeka pophatikiza maphunziro 6 amene munthu wakhoza bwino kwambiri, koma Chingerezi chimalowamo zivute zitani. Ndiye kwa mwana wanuyu: Chingerezi 4, Agriculture 1, Masamu 2, Biology 2, Geography 2, Chichewa 2. Zonse pamodzi 13. Mwaona chimene chachitika? Physics ndi Chemistry sizinalowe n'komwe mu 13 ameneyu. Mapointi ake okongolawo amangidwa ndi Agriculture, Geography ndi Chichewa, pamene osankha ana a uinjiniya maso awo amakhala pa Masamu, Physics ndi Chemistry. Atatu amenewa kwa iye ndi 2, 3 ndi 5, kuphatikiza 10.

Tsopano taganizirani mnzake amene wapeza Masamu 1, Physics 1, Chemistry 2, Chingerezi 5, Biology 3, Geography 4. Ameneyo ali ndi mapointi 16, ndipo pamudzi anthu azinena kuti wanuyu wamuposa. Koma pa maphunziro atatu aja ali ndi 4. Pa mzere wa uinjiniya wa 16 ameneyu aima kutsogolo, wa 13 kumbuyo. Chaka chilichonse mayina akatuluka mumamva madandaulo pa wailesi akuti "mwana wanga wa mapointi 10 watsala koma wa 17 watengedwa, pali chinyengo". Nthawi zambiri chinyengo palibe, nkhani yake imakhala yomweyi, kuphatikizapo kusankha makozi molakwika.

Pali zipata zitatu zimene mwana amadutsa. Choyamba ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Popanda zimenezi fomu yake siwerengedwa n'komwe ku yunivesite iliyonse ya boma. Wanuyu ali ndi makirediti 8, apa wadutsa bwinobwino. Chachiwiri ndi zofunika za kozi imene akufunayo. Kozi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna, ndipo makozi ena amanena giredi imene munthu asapitirire pa phunziro lakutilakuti. Izi zimalembedwa m'chikalata chimene NCHE imatulutsa pamodzi ndi chidziwitso choitana ofunsira malo. Chikalata chimenecho muchiwerenge mzere ndi mzere, cha chaka chomwecho, osati chimene wina anasunga mufoni zaka zitatu zapitazo, chifukwa zofunika zimasintha. Ngati kozi ikufuna kuti Chemistry isapitirire giredi yakuti ndipo iye ali ndi 5, kuilemba pa fomu n'kutaya malo amodzi dala.

Chipata chachitatu ndiye chovuta: mpikisano. Okwaniritsa zofunika amachuluka kuposa mipando ya m'kalasi, makamaka ku uinjiniya kumene chiwerengero chimayendera kukula kwa malabu ndi mawekishopu. Ndiye amaikidwa pa mzere, n'kutenga kuyambira pamwamba mpaka malo atatha. Pamene womaliza kutengedwa waima ndi pamene anthu amati cut-off. Palibe amene amaikhazikitsa mayeso asanalembedwe. Chaka chimene ana akhoza kwambiri Physics, cut-off imakhwima, chaka chimene pepala la Masamu linavuta imafewa. Choncho wina akakuuzani motsimikiza kuti "Civil imafuna mapointi akuti", mungomumvera ngati chongokuunikirani.

Maganizo anga pa makozi awiri amene watchulawo ndi awa. Civil Engineering ku MUBAS mwayi ulipo ndithu, Masamu 2 ndi Physics 3 si zonyozeka, koma si wodalira. Chemical Engineering ku MUST ndi Chemistry 5 ndiye yovutirapo kuposa Civil yomweyo. Mwanayo waika kozi yovuta kwambiri kwa iye ngati pothawira. Pamenepo mpofunika kukonza.

Zinthu ziwiri zomaliza. Kota ija yosankha potengera boma lochokera inathetsedwa mu 2020, ndiye musavutike kuganiza zomulembera boma la kwa amayi ake kapena la kwa bambo ake kuti apeze mpata. Chachiwiri, pokhala mtsikana ali ndi kampata. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati boma liyesetse kuti m'masukulu a ukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, ndipo ku uinjiniya atsikana ofunsira amachepa poyerekeza ndi anyamata. Izi zimathandiza amene ali m'malire. Sizichotsa zofunika za kozi, ndipo sizisandutsa 5 kukhala 2.

Injiniya_Chirimba

Aphunzitsi afotokoza bwino za mapointi. Ine ndikambe za fomu, chifukwa ana ambiri okhoza amagwera pamenepo.

Mayunivesite a boma alipo 6 ndipo onse amasankha kudzera pa fomu imodzi ya NCHE: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST. Poly imene tinaizolowera ija ndiyo MUBAS, kuyambira mu 2021 pamene University of Malawi inagawidwa. Fomu imakupatsani mipata yochepa yolemba makozi motsatana, woyamba kukhala umene mukuufunitsitsa. Kozi yolimbiranidwa imadzaza ndi anthu amphamvu amene aiika pamwamba, ndiye kuiika pansi pa fomu n'kungokongoletsa. Cholakwika chachikulu chimene ana amachita ndi kudzaza mipata yonse ndi makozi otchuka okhaokha: udokotala, Civil, Electrical, zamalamulo, Accountancy. Akaphonya woyamba amapeza ena onse adzaza kale, n'kutsala ndi mapointi awo abwinowo m'manja.

Azakhali, mwanayo adziwe kuti uinjiniya si Civil yokha, ndiponso Civil yomweyo ku MUBAS ili panthambi zitatu, iliyonse ndi nambala yake pa fomu: Structures, Transport ndi Water. Ana ambiri amathamangira Structures chifukwa m'mutu mwawo injiniya ndi womanga nyumba zosanja. Koma zaka zoyambirira onsewa amaphunzira pafupifupi zofanana, ndipo wa Water kapena wa Transport ndi injiniya wa zomangamanga ngati mnzakeyo. Ntchito zake zilipo. Madzi ambiri amene timamwa mu Blantyre muno amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry kukwera mtunda wonsewu, ndipo amene amawerengera mapaipi, mapampu ndi matanki ndi anthu a nthambi ya Water. Misewu ndi milatho imene namondwe Freddy anagumula mu 2023 imafuna a Transport.

Pa MUBAS pomwepo palinso Mechanical, Automobile, Industrial, Energy, Electrical and Electronics, Electronics and Telecommunications, Biomedical, ndiponso za migodi: Mining, Geological, ndi Metallurgy and Mineral Processing. Ya Metallurgy ndi Chemistry 5 ndingamulangize aipewe, chifukwa ntchito yake yonse ndi kusungunula ndi kulekanitsa miyala ndi mankhwala. Geological ndi Mining zingamuyenere, Geography 2 ikusonyeza kuti mapu ndi miyala sizimuvuta, ndipo ndi Kayelekera ku Karonga, Kangankunde ku Balaka ndi Kasiya ku Lilongwe, za migodi si nkhambakamwanso. Kunja kwa uinjiniya weniweni kuli abale ake a zomangamanga: Quantity Surveying, Land Surveying, Architectural Studies ndi Physical Planning. Wa Quantity Surveying ndi amene amawerengera matumba a simenti, zitsulo, njerwa ndi ndalama za pulojekiti yonse, ndipo palibe nyumba yaikulu imene imamangidwa popanda iye. Kozi imeneyi imadalira Masamu kwambiri kuposa Chemistry.

Chimene anthu a mu Blantyre amaiwala ndi LUANAR. Ku Bunda kuli Agricultural Engineering ndi Irrigation Engineering. Mwana wa Agriculture 1, Masamu 2, Physics 3 ndi Biology 2 ndi wamphamvu kumeneko kuposa mmene alili pa mzere wa Civil. Ena amanyoza poganiza kuti ndi kozi ya khasu. Ayi ndithu. Irrigation Engineering ndi ngalande, madamu, mapampu, kuyeza malo ndi konkire, zinthu zomwezo zimene mukuziona pa ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme ku Chikwawa. Ku MUST, mmalo mwa Chemical, ayang'ane Manufacturing Engineering, kapena makozi a ku Ndata School of Climate and Earth Sciences monga Earth Science ndi Meteorology and Climate Science.

Ndiye kasanjidwe kake kangakhale kotere. Pamwamba aike kozi ya maloto ake imene akukwaniritsa zofunika zake zonse, tinene Civil ya Water kapena Transport. Pakati aike zimene magiredi ake akugwirizana nazo kwambiri, monga Irrigation Engineering kapena Quantity Surveying. Pansi aike imodzi imene siilimbiranidwa kwambiri koma angaikonde ataipeza. Mawu akuti "angaikonde" ndawanena dala. Zidziwitso za NCHE zakhala zikunena kuti amene anasankhidwapo kale ku yunivesite ya boma asafunsirenso, ndiye kulemba kozi yongodzazira mpata ndi kudzitchera msampha. Akamutengera kumeneko, khomo la chaka chamawa latsekeka. Komanso asadalire zoti "ndikalowa kaye ndikasintha kozi ndili mkati". Kusamukira ku kozi yodzaza kale n'kovuta zedi.

Tsopano tizinthu ting'onoting'ono timene timagwetsa fomu yabwino. Nambala ya kozi: manambala a makozi a pa sukulu imodzi amafanana zilembo, chilembo chimodzi chikasemphana mwafunsira kozi ina. Dzina: lilembedwe ndendende ngati mmene lilili pa zotsatira za MANEB, ngakhale a MANEB atalilemba mosiyana pang'ono ndi mmene mumalilembera kunyumba. Nambala ya mayeso ndi chaka cholembera zikhale zolondola, chifukwa magiredi amatsimikizidwa ndi nambala imeneyo. Ndalama ya fomu: ilipiridwe mu akaunti imene yalembedwa m'chidziwitso chenicheni cha NCHE, risiti muijambule ndipo pepala lake mulisunge. Nyengo imeneyi pa WhatsApp ndi pa Facebook pamadzaza anthu onena kuti "titumizireni pa foni tikuthandizani kupeza malo". Palibe munthu amene amagulitsa malo a NCHE, amenewo ndi akuba basi.

Ndipo mukapita kwa anyamata odzazitsa mafomu pa kompyuta ku Limbe kapena m'tauni, mwanayo akhale pampando pomwepo, awerenge chilichonse asanatumize. Anyamata aja amathandiza anthu makumi pa tsiku, amatopa, ena amangokusankhirani makozi a m'mutu mwawo kuti mzere uyende. Nambala ya foni ndi imelo zikhale zake kapena zanu, pasiwedi ailembe pena pake. Musadikire tsiku lotseka, chifukwa tsiku limenelo aliyense amakhala pa intaneti pomwepo ndipo tsambalo limayenda mwa apo ndi apo.

NaBanda_Bangwe

Ine ndiyankhe za kubwereza, chifukwa palibe amene wazikhudza. Azakhali, asabwereze asanayese. Chidziwitso cha NCHE kawirikawiri chimalandira amene analemba MSCE m'zaka zitatu zomaliza, ndiye satifiketi yake siwola chaka chino. Afunsire kaye ndi fomu yosanjidwa bwino ngati mmene anenera a Injiniya. Akatsala, apo ndiye nkhani yobwereza ibwere, ndipo ngati abwereza cholinga chikhale chimodzi: Chemistry ndi Physics zitsike kufika pa 1 kapena 2 popanda kugwetsa Masamu. Kubwereza kuli ndi ngozi yake. Mwana amene anakhoza kale amatha kutayirira pa maphunziro amene amawaona ngati osavuta, n'kutuluka ndi mapointi oipirapo. Komanso Chemistry 5 pa sukulu yoyendera nthawi zambiri gwero lake ndi pepala la mu labu. Mwana amene buleti ndi pipeti, zida zoyezera mankhwala mu labu, anaziona koyamba sabata la mayeso sangachite titration molondola ngakhale atakhala wanzeru bwanji. Ndiye kubwereza pa sukulu yamadzulo yopanda labu n'kungotaya fizi. Musanalipire, pitani mukaone ndi maso anu ngati labu ilipo, ngati muli mankhwala, ndiponso kuti ana amalowamo kangati pa mwezi. Muwerengenso chimene chidziwitso chikunena pa zophatikiza magiredi a zaka zosiyana, musangoganiza kuti atenga Chemistry ya chaka chino n'kuimata pa Masamu a chaka chatha.

Njira ina imene anthu amainyoza koma yatulutsa mainjiniya ambiri ndi yodzera ku dipuloma. Mayunivesite amalengeza okha, kunja kwa fomu ya NCHE, malo a madipuloma, a olipira okha fizi yonse, ndi a mature entry kwa amene ali kale ndi dipuloma ndipo agwirapo ntchito. Palinso makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, monga Soche Technical kuno ndi Nasawa ku Zomba, komanso mayeso a City and Guilds. Njirayi ndi yaitali, ndipo pa digiri pake imadula. Ubwino wake ndi woti munthu amafika ku digiri akudziwa kale kugwira chida, ndipo amatha kudzilipirira ndi ntchito yake.

Mukaganiza za koleji yoti si ya boma, funsani zinthu ziwiri musanapereke khobidi. Kodi kozi imeneyo, osati sukulu yokha, ndi yovomerezedwa ndi NCHE? Sukulu imatha kukhala yolembetsedwa koma kozi ina mkati mwake ayi. Chachiwiri, kodi omaliza kozi imeneyo amalembetsedwa ku Malawi Engineering Institution? Popanda kulembetsedwa kumeneko munthu sangasainire mapulani ngati injiniya.

Injiniya_Chirimba

A NaBanda, pa zoyesa kaye tikugwirizana, koma pa kubwereza ndikusiyana nanu pang'ono. Mayina a NCHE amatuluka patapita miyezi yambiri, ndipo pofika nthawiyo kulembetsa mayeso a MANEB a chaka chotsatira kumakhala kutatsekedwa kale. Amene wadikira kuti aone kaye ngati watsala amataya chaka chathunthu ali chikhalire. Ngati banja lingakwanitse, ndipo mwanayo watsimikiza kuti ndi uinjiniya basi, afunsire ku NCHE uku akulembetsanso mayeso. Akasankhidwa, mwataya ndalama ya mayeso yokha, ndipo Physics ndi Chemistry zimene wawerengazo zikamuthandiza chaka choyamba. Akatsala, ali kale panjira.

AzakhaliChilomoni

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Sindinkadziwa kuti Physics ndi Chemistry sizili mu 13 muja. Mafunso ena atatu. Mwanayu akuti Chemistry ankayembekezera 3, kodi n'zotheka kupempha kuti achongenso? Nanga akasankhidwa, ngongole ya boma imabwera yokha? Chomaliza, achimwene ake ena akumuuza kuti asavutike ndi za kuno, ayese MIT ku America poti akuti kumeneko osauka amaphunzira ulere. Zoona?

MphunzitsiWaMasamu

Kuchongetsanso n'kotheka. MANEB imalola, pamakhala ndalama yolipira pa phunziro lililonse ndi nthawi yochepa yochitira zimenezi zotsatira zikangotuluka, ndiye mupite msanga kwa ahedi a pa sukulu yake akuuzeni ndondomeko. Koma musaike mtima wonse pamenepo. Kuchonganso kumakonza zinthu ngati kuphatikiza malikisi molakwika kapena tsamba lodumphidwa. Kuchoka pa 5 kufika pa 3 n'kosowa. Funsani aphunzitsi ake a Chemistry kuti pa mayeso oyeserera anapeza bwanji. Ngati analinso pa 4 kapena 5, ndalamayo isungeni. Ndipo fomu ya NCHE idzazidwe ndi magiredi amene alipo panopa, musaichedwetse podikira zotsatira za kuchonganso.

Za MIT, mbali ina ndi yoona: sukuluyo imathandiza ophunzira malinga ndi kusowa kwawo, ngakhale ochokera kunja kwa America. Chimene achimwene akewo sanamuuze n'chakuti pa anthu 100 ofunsira amatengapo osapitirira 5, ndipo kwa akunja mpata umachepa kuposa pamenepo. Amafunanso mayeso a SAT kapena ACT, makalata a aphunzitsi, ndi umboni wa zinthu zimene mwana wachita kunja kwa kalasi. Amene akufuna kuyesa njira imeneyo ayambire ku EducationUSA ya ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, uphungu wake ndi waulere. Koma zisamuchititse kunyalanyaza fomu ya kuno. Mumuuze kuti MIT ina ili pafupi pompano ku Thyolo: nthambi ya uinjiniya ya MUST dzina lake ndi Malawi Institute of Technology.

Tsopano chimene ndikufuna nditsindike, chifukwa makolo ambiri amaganiza kuti dzina likatuluka nkhondo yatha. Digiri ya uinjiniya ku MUBAS ndi ku MUST ndi ya zaka 5, ndipo chaka choyamba ndi chachiwiri ndi zimene zimazula anthu. Wolephera pang'ono amalemba sapu (mayeso achibwereza), wolephera kwambiri amabwereza kapena kuwidedwa kumene, kutanthauza kuchotsedwa sukulu. Chimene chimawagwetsa ndi calculus, mechanics ndi kujambula mapulani. Vuto lake si lakuti calculus ndi yovuta mwa iyo yokha, koma kuti imaima pa algebra ndi trigonometry ya ku sekondale. Mwana amene Masamu 2 anaipeza poloweza njira za mapepala akale amadzaonekera poyera pamene lekichala walemba mizere isanu pa bolodi n'kudumpha masitepe atatu a factorisation poganiza kuti aliyense akuwadziwa. M'kalasi lomwelo mumakhala anzake amene anaphunzira Additional Mathematics kapena A-level, amene differentiation anaiona kale.

Ndiye miyezi yodikirayi isapite pachabe. Apeze buku la Additional Mathematics, ngakhale lobwereka kapena la ku National Library, aziwerenga ola limodzi kapena awiri tsiku lililonse ndi pensulo m'manja. Ayambe ndi indices ndi logarithms, quadratic equations, trigonometric identities, kenako functions ndi magirafu, amalize ndi chiyambi cha differentiation ndi integration. Ku Physics abwereze ma vector ndi malamulo a Newton mpaka azitha kugawa mphamvu m'mbali ziwiri osayang'ana m'buku. Ku Chemistry, mole concept ndi kulinganiza ma equation, chifukwa ngakhale wa Civil amakumana ndi Chemistry chaka choyamba. Ngati sanagwirepo T-square ndi set square, apeze wina womuonetsa kujambula chinthu chimodzi kuchokera kutsogolo, pamwamba ndi m'mbali. Atenge njerwa ya mabowo kapena bokosi la machesi, aliike patebulo, alijambule mbali zitatuzo ndi miyeso yake. Zikuoneka zachibwana, koma amene sanazichitepo amavutika nazo semesita yonse.

Malume_Machinjiri

Za ngongole ndiyankhe ine. Siibwera yokha ayi. Imaperekedwa ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe losiyana ndi NCHE, ndipo ili ndi fomu yake, nthawi yake yotsegulira ndi tsiku lake lotseka. Amapatsa amene aonetsa kuti ndi osowa, si aliyense wosankhidwa. Ndiye mapepala muyambe kusonkhanitsa panopa: chiphaso cha unzika cha mwanayo, cha inu omulera, ndipo ngati makolo ake anamwalira kapena sagwira ntchito, umboni wake wolembedwa. Ngati fizi ya ku sekondale ankamulipirira a bungwe kapena a mpingo, kalata yawo ndi umboni wamphamvu. Zimene mwalemba pa fomu ya ngongole zigwirizane ndi zimene zili pa mapepala. Dzina losiyana pa chiphaso ndi pa satifiketi limachedwetsa zinthu miyezi, likonzeni ku NRB nthawi ikadalipo. Mwanayo adziwenso kuti ndi ngongole yeniyeni, adzabweza akamaliza.

Ngakhale ngongole itapezeka, ndalama zake sizifika tsiku lotsegulira sukulu. Mukhale ndi kenakake ka mwezi woyamba ndi wachiwiri. Kusankhidwa sikutanthauzanso kuti wapeza bedi, malo ogona pa sukulu amafunsiridwa padera ndipo sakwanira onse. Apa ndi pamene kusankha pakati pa MUBAS, MUST ndi Bunda kumakhudza thumba lanu. Ku MUBAS, pa Ginnery Corner, mwana wa ku Chilomoni atha kuyendera kuchokera kunyumba, minibasi ziwiri kupita ziwiri kubwera, ngakhale kuti masiku a labu ndi a mayeso amaweruka mochedwa, ndipo ambiri amathera pochita lendi limodzi ndi anzawo ku Chitawira, ku Naperi kapena ku Nkolokosa kuti aziyenda wapansi. Ku MUST, ku Ndata kufupi ndi Goliati, ndi ku Bunda kuyendera kulibe, ndi chakudya ndi malo ogona mwezi ndi mwezi kwa zaka zonsezo. Muwerengere zimenezi musanasanje fomu, osati dzina litatuluka kale.

Pa zogula, laputopu isakuthamangitseni mwezi woyamba ngati ndalama zavuta, bola kakyuleta ya sayansi yeniyeni ndi zida zojambulira. Koma pofika chaka chachiwiri, akayamba AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani pa kompyuta, idzafunika, ndipo pogula muyang'ane RAM yosachepera 8GB ndi batire lolimba, chifukwa zotchipa zambiri za pa kaunjika zimazima magetsi akangothima.